Kuwala ku koleji sikutanthauza kuti ukawalanso mu NFL

Akonzi,

Ndipatseniko kampata pa tsamba lanu la makalata ndiyankhulepo za masewero omwe ambiri kuno kwathu amangowaona ngati chipwirikiti, mpira wa ku America uja wovala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa. Ndikudziwa ena ayamba kale kufunsa kuti munthu wa ku Mangochi zimenezi zikumukhudza pati, za Maule ndi Manoma zatha kodi? Sizinathe ayi, koma chipitireni Temwa Chawinga ku Kansas City Current mu 2024 nkukamwetsa zigoli 20 sizoni yoyamba yomweyo, anyamata ambiri kuno anayamba kusaka dzina la Kansas City pa foni, nde ukasaka dzina limenelo sungalephere kukumana ndi Patrick Mahomes, quarterback wa Kansas City Chiefs, yemwenso iyeyo ndi mkazi wake Brittany ali m'gulu la eni ake a timu yomwe Temwa amasewera. Ambirife tinalowera khomo limenelo. Pano tili ndi kagulu kathu pa WhatsApp, muli aphunzitsi, a kabaza, wina wogulitsa nsomba pamsika, ndipo mkangano womwe sukutha ndi umodzi, woti mnyamata akawala ku koleji, watenga zikho, dzina lake lili pakamwa pa aliyense, kodi ndiye kuti akawalanso akafika mu NFL, ligi yaikulu ya mpira umenewu ku America?

Ine yankho langa ndi loti ayi, kapena ndinene kuti zimathandiza pang'ono kwambiri kusiyana ndi mmene anthu amaganizira, ndipo ndabwera kwa inu chifukwa pagulu paja munthu sumaliza mfundo, ukamalemba mzere wachiwiri wina waponya kale kasitika koseka, nkhani yathera pomwepo.

Kwa amene simunaonerepo, quarterback ndi uja amaima kumbuyo kwa zimphona zisanu zija nkulandira mpira sewero likamayamba. Iyeyo ndi amene amauza anzake chochita, amayang'ana mmene adani aimira, nkusankha kuti auponye kwa ndani, aupereke kwa wothamanga kapena athamange nawo yekha. Ife a kunyanja tingamve msanga tikati ndi siginala wa chilimira, amene amaona komwe kuli usipa nkuuza alovi nthawi yoponya ndi yokoka khoka, akaphonya iyeyo boti lonse libwerera chimanjamanja olo alovi akhale amphamvu bwanji, komanso olo akhale wodziwa chotani mukamupatsa alovi aulesi ndi khoka long'ambika sabwera ndi kanthu.

Kumeneko kulibe zoti timu yatuluka mu ligi kapena yakwera kuchokera ku ligi yaing'ono ngati kuno. NFL ili ndi matimu 32 basi, ndipo osewera pafupifupi onse amachokera m'makoleji. Musaganize kuti mpira wa ku koleji ndi masanje, sitediyamu ya University of Michigan imalowa anthu oposa 100,000, ndipo matimu a m'gulu lapamwamba la makoleji alipo oposa 130. Chaka chilichonse mu Epulo kumakhala draft, matimu amasankha anyamata mosinthanasinthana maraundi 7, ndipo timu yomwe inathera kumchira sizoni yapitayo ndi imene imayamba kusankha.

Tiyambe ndi 1998 chifukwa ndi pomwe nkhaniyi imaonekera poyera. Chaka chimenecho kunali anyamata awiri omwe matimu amawalimbirana, Peyton Manning wa ku Tennessee ndi Ryan Leaf wa ku Washington State. Leaf anali atangofikitsa koleji yake ku Rose Bowl, gemu yaikulu ya makoleji yotsekera sizoni, koyamba patatha zaka 67, wamtali, wadzitho, mkono wake ambiri amati unali wamphamvu kuposa wa Manning, moti akatswiri anagawanika kuti woyamba akhale ndani. Indianapolis Colts inatenga Manning pa nambala 1, San Diego Chargers inachita kupereka osewera ndi mwayi wake wina wosankha kuti ikwere pa nambala 2 itenge Leaf.

Gemu yachitatu ya Leaf, ku Kansas City komweko, anaponya mipira 15 ndipo umodzi wokha ndi umene unafika mmanja mwa mnzake, timu nkusuntha mayadi 4 basi. Sizoni yonseyo ma touchdown, zomwe tingati ndi zigoli za mpira umenewu, 2 okha, mipira yowakhidwa ndi adani 15. Mmene amasiya mpira mu 2002 ali ndi zaka 26 zokha nkuti ali ndi ma touchdown 14 ndi mipira 36 yopatsa adani. Manning nayenso chaka choyamba sichinamuyendere, anapatsa adani mipira 28, timu inawina magemu 3 okha mwa 16, koma chaka chotsatira inawina 13, ndipo pamapeto pake munthuyu anakhala MVP, wosewera wopambana onse mu ligi, kasanu nkutenga Super Bowl, fainolo ya chikho cha NFL, kawiri. Nde ndimawafunsa anzanga aja kuti pa manambala a ku koleji a anthu awiriwa, ndilozereni mzere womwe umaonetsa kuti wina adzakhala katakwe winayo adzathera panjira. Palibe amandilozera, amangosintha nkhani.

Chinanso chomwe chimandisangalatsa, Manning ku Tennessee sanatenge chikho cha dziko lonse, sanatengenso Heisman, mphoto ya wosewera wopambana onse m'makoleji, mu 1997 inapita kwa Charles Woodson. Atangochoka, chaka chotsatira chomwecho Tennessee inatenga chikhocho osagonja olo gemu imodzi ndi quarterback wina, Tee Martin. Tikati tiziyendera zikho ndiye kuti Martin amaposa Manning eti? Martin analowa draft ya 2000, Pittsburgh Steelers inamutenga mu raundi yachisanu, ndipo mu NFL anangolowako m'magemu owerengeka nkuzimiririka. Mu draft yomweyo ma quarterback 6, Martin mmodzi mwa iwo, anasankhidwa asanafike pa mnyamata wina woonda wa ku Michigan yemwe ku koleji kwake komwe makochi amamugawanitsa nthawi yosewera ndi Drew Henson, ndipo poyesedwa liwiro anathamanga mayadi 40 kwa masekondi 5.28, liwiro loti olo zimphona zina zimamusiya. New England Patriots inamutola pa nambala 199. Ameneyo ndi Tom Brady, ma Super Bowl 7, kuposa timu iliyonse payokha. Ndipo naye akanatha kukalambira pa benchi chikhala kuti Drew Bledsoe sanavulale mu Seputembala 2001.

Amene amandimvetsa chisoni ndi Tim Tebow, chifukwa pa mpira wa ku koleji ochepa kwambiri anafika pomwe anafika iyeyu. Ku Florida anatenga nawo zikho ziwiri za dziko lonse, sizoni ya 2006 ndi ya 2008, Heisman anatenga mu 2007 ali chaka chachiwiri chokha, woyamba kuchita zimenezo. Ku koleji pa mipira 100 iliyonse yomwe waponya pafupifupi 66 imafika kwa mwini wake. Mu NFL inatsika mpaka 48. Mukapeza bandulo onerani makanema ake pa YouTube, muona kuti asanaponye amatsitsa kaye mpira mpaka cha m'chiuno, kenako mkono uzungulire kumbuyo, ndiye mpira uzituluka. Ku Florida kachizolowezi kameneko sikamamupweteka chifukwa anzake olandira mpira anali aliwiro kuposa owalonda, nthawi zambiri amakhala ali okhaokha, mpira uchedwe usachedwe awakhabe. Mu NFL kanthawi kakang'ono komweko nkokwanira kuti wotchinga aone komwe mpira ukupita nkufikako iyeyo poyamba. Denver Broncos inamutenga pa nambala 25 mu 2010, mu Januwale 2012 anawinadi gemu ya ndime yochotsana ndi Steelers ndi mpira umodzi wa mayadi 80 kwa Demaryius Thomas, mzinda wonse unapenga, koma patangotha miyezi iwiri timu inasayinitsa Peyton Manning yemwe uja nkumugulitsa Tebow ku New York Jets. Mabwana a timu anaona zomwe masapota samafuna kuona.

Ena atatu ndingowatchula mwachidule. Kellen Moore ku Boise State anawina magemu 50 nkuluza 3 okha, Case Keenum ku Houston anaponya mayadi oposa 19,000, ndipo mu draft ya 2012 maraundi onse 7 anatha popanda timu yotchula dzina la mmodzi mwa iwo. Keenum anadzavutikira yekha nkukhala zaka zambiri mu ligi, kwambiri ngati wapabenchi, Moore anapezeka kuti mutu wake ndi wa ukochi, mu 2025 anapatsidwa New Orleans Saints. Johnny Manziel, Heisman ya 2012, zaka ziwiri zokha ku Cleveland Browns, basi.

Chimachititsa nchani? Choyamba nchakuti ku koleji matimu salingana mphamvu olo pang'ono. Koleji ngati Alabama, Ohio State kapena Georgia imasesa ana aluso a m'masekondale, nde masiku ambiri a Loweruka imakumana ndi timu yomwe osewera ake akamaliza sukulu akagwira ntchito ku banki kapena kukaphunzitsa, mu NFL sadzapondamo. Quarterback wa timu yotere amaima kumbuyo kwa alonda oti mdani samadutsa, ali ndi nthawi yoyang'ana uku ndi uku, ndipo amene akumuponyera wamusiya kale womulonda ndi masitepe angapo. Manambala akakwera timati mnyamatayu ndi dolo, chonsecho theka la manambalawo ndi la anzake khumi aja.

Mu NFL aliyense amene akukuthamangitsa anali katswiri pa koleji pake. Tangoganizani, walandira mpira, wabwerera mmbuyo masitepe atatu kapena asanu, maso kwa woyamba, watsekedwa, maso kwa wachiwiri, nayenso ali ndi munthu pamsana, apa nkuti chimunthu cha makilogalamu 120 chamudutsa kale mlonda wako wa kumanzere ndipo sukuchiona, ukungomva kuti chikubwera, wachitatu sanatembenuke nkomwe koma ukuyenera kuuponya pompano, osati pomwe ali koma pomwe akhale pakatha sekondi, kampata kake kongokwana mpirawo. Zonsezi masekondi osakwana atatu. Kuwonjezera apo adani amakunamiza dala, asanayambe aima mwina, mpira ukangogwidwa asinthana malo, uja umati akubwera kudzakugwetsa wabwerera mmbuyo ndipo waima ndendende pomwe umafuna kuponya. Zinthu zimenezi mnyamata wa koleji yamphamvu mwina wakumana nazo kangapo kokha pa moyo wake, nde ungadziwe bwanji kuti azitha Lamulungu lililonse?

Ngakhale malamulo amasiyana. Ku koleji wolandira mpira akaponda phazi limodzi mkati mwa bwalo wawakha, mu NFL mpaka onse awiri. Mizere yomwe amaikapo mpira poyamba sewero ku koleji ndi yotalikirana, nde mbali imodzi ya bwalo imakhala yotakasuka kwambiri yoti mwana waliwiro azingodzithamangira, pomwe mu NFL mizereyo ili kufupi ndi pakati, mbali zonse nzothina. Komanso makoleji ambiri amasewera mpira wosavuta kuwerenga, kochi ali kunja akuonetsa zizindikiro, quarterback ayang'ane munthu mmodzi kapena awiri aponye. Mu NFL kochi amakuuza sewero lalitali kudzera pa kawailesi ka m'chipewa, kamadulidwa kukatsala masekondi 15 pa wotchi yoyambira sewero, kuyambira pamenepo uli wekha, ukaona kuti adani aima moti sewero lija silitheka usinthe wekha ndipo anthu khumi akumve pakati pa phokoso la sitediyamu yonse.

Mahomes yemwe tinayambira uja ndi umboni wa mbali inayo. Ku Texas Tech magemu omwe anayamba anawina 13 nkuluza 16, munthu woluza kuposa kuwina. Mu 2016 pa gemu ndi Oklahoma anaponya mayadi 734 tsiku limodzi, timu yake inapeza mapointi 59, koma inaluzabe chifukwa Oklahoma ya Baker Mayfield inapeza 66. Nde pamenepo mulemba kuti Mahomes waluza? Amene amalephera kutchinga ndi ena, poti mu mpira umenewu gulu lofuna zigoli ndi gulu lotchinga amalowa mosinthana, iyeyo nthawi imeneyo amakhala ali pa benchi akumwa madzi. Mu draft ya 2017 Chicago Bears inamudumpha nkutenga Mitchell Trubisky pa nambala 2, Chiefs inakwera pa nambala 10 nkumutenga, pano ali ndi ma Super Bowl atatu, 2020, 2023 ndi 2024.

Aphunzitsi ena a sekondale pagulu pathu paja, munthu wodekha yemwe amawerenga kuposa tonse, amanditsutsa ndipo mfundo yawo si yopepuka. Amati achimwene mukungosankha zitsanzo zokukomerani, nanga Joe Burrow? Zoona, Burrow ku LSU mu 2019 anaponya ma touchdown 60, sanaluze gemu, Heisman ndi chikho zonse zake, Cincinnati Bengals inamutenga pa nambala 1 mu 2020 ndipo sizoni yachiwiri yokha anaifikitsa ku Super Bowl. Cam Newton chimodzimodzi, Auburn 2010, kenako MVP mu 2015 ndi Carolina Panthers. Lamar Jackson anatenga Heisman mu 2016 ku Louisville, akuluakulu ena amati asiye u quarterback azikalandira mipira, anatengedwa pa nambala 32 mu 2018, wakhala MVP kawiri. Jayden Daniels, Heisman ya 2023, chaka choyamba chomwe anaifikitsa Washington Commanders gemu imodzi kuti ilowe Super Bowl. Sindikukana, ndipo sindikunena kuti matimu azikatola ana olephera ku koleji. Pafupifupi aliyense amene amafika mu NFL anali wabwino ku koleji, olo Brady yemwe ku Michigan amawina ndithu. Kuchita bwino ku koleji kumakulowetsa pamzere wa anthu oyenera kuonedwa. Vuto limayamba pamene mukufuna kusiyanitsa anthu omwe ali kale pamzerewo, onse ndi abwino, pamenepo zikho ndi ma Heisman sizikuuzaninso kuti uyu aposa uyu, pa Burrow aliyense pali Manziel wake, pa Newton pali Matt Leinart yemwe ku USC analuza magemu awiri okha koma ku Arizona Cardinals sanakhazikike.

Ophunzira nawonso anayesapo. Akatswiri awiri a zachuma, David Berri ndi Rob Simmons, anasanthula ma draft a zaka zambiri nkupeza kuti zinthu zomwe zimakweza mnyamata pa draft, kutalika, liwiro, mayeso a Wonderlic aja a mafunso 50 pa mphindi 12, sizigwirizana kwenikweni ndi mmene amadzasewerera akapatsidwa mpira, ndipo kuti wosankhidwa koyambirira chomwe amapeza motsimikizika ndi mpata wochuluka wosewera. Kafukufukuyu ine ndimamulandira ndi dzanja limodzi, chifukwa wa raundi yachisanu ndi chimodzi amene amafika polowa m'bwalo ndi yekhayo amene wadabwitsa makochi ku training, anzake ambirimbiri anabwezedwa kunyumba osakhudza mpira, nde kuwafananitsa ndi a raundi yoyamba nkovuta. Ma scout, anthu ofufuzira matimu osewera aja, sikuti ndi mbuli, akuluakulu ambiri a mu ligi amachokeradi mu raundi yoyamba. Koma amaphonya kwambiri moti munthu wamba sungakhulupirire kuti amalipidwa.

Bill Parcells, kochi yemwe anatenga Super Bowl kawiri ndi New York Giants, amadziwika ndi malamulo ake posankha quarterback, oti akhale womaliza maphunziro, wayamba magemu osachepera 30, wawina 23, ndipo mipira 60 pa 100 izifika. Malamulo anzeru ndithu, koma kuwatsata bwinobwino ndiye kuti Leinart ndi Tebow alowa, Mahomes watsala panja chifukwa cha mawini, Josh Allen watsalanso panja. Allen ameneyu pomaliza sekondale panalibe koleji yaikulu yomufuna, anayambira ku kakoleji kakang'ono ka Reedley, kenako Wyoming, komwe mipira yake imafika 56 pa 100, ndipo anthu amanena motsimikiza kuti kulunjika sikuphunzitsika, wobadwa wophonya amafa wophonya. Buffalo Bills inamutenga pa nambala 7 mu 2018, chaka choyamba 53 pa 100, pofika 2020 nkuti ali pa 69, sizoni ya 2024 MVP. Tebow kuchoka 66 kutsika 48, Allen kuchoka 56 kukwera 69, nambala yomweyomweyo yomwe amati ndi yodalirika kuposa zonse.

Ngati pali chinthu cha ku koleji chomwe ndimachipatsako ulemu ndi kuchuluka kwa magemu omwe munthu wasewera, makamaka ovuta, oti timu yake inali yofooka kuposa adani. San Francisco 49ers inapereka mwayi wake wa raundi yoyamba wa zaka zitatu kuti itenge Trey Lance pa nambala 3 mu 2021, mnyamata yemwe ku North Dakota State mu 2019 anaponya ma touchdown 28 osapatsa adani olo mpira umodzi, koma magemu onse omwe anayamba ku koleji anali 17 okha. Chaka chotsatira timu yomweyo inatola Brock Purdy wa ku Iowa State pa nambala 262, womaliza weniweni pa draft yonse, koma munthu woti wasewera zaka zinayi, magemu oposa 40, wamenyedwapo, waluzapo, wadzukapo. Lance anayamba magemu 4 okha, kuvulala kunamusokonezanso, nkugulitsidwa ku Dallas Cowboys, Purdy anaifikitsa timu ku Super Bowl ya Febuluwale 2024.

Tsopano pamene pagona mtima wanga, ndipo pomwe anzanga aja safuna kumva. Kumbukirani kuti timu yothera kumchira ndi imene imayamba kusankha. Ndiye kuti mnyamata wowala kwambiri ku koleji mphoto yake ndi kutumizidwa ku timu yoipitsitsa mu ligi, yopanda alonda, yopanda olandira mpira, kochi wake ali pafupi kuchotsedwa, ndipo masapota akuyembekeza kuti mwana wa zaka 22 akonze zonse pofika Disembala. David Carr anatengedwa pa nambala 1 mu 2002 ndi Houston Texans, timu yongobadwa kumene chaka chomwecho, ndipo sizoni yoyamba anagwetsedwa mpira uli mmanja ka 76 m'magemu 16, chiwerengero chomwe mpaka pano palibe wachiposa. Munthu womenyedwa chonchi amayamba kuyang'ana amene akubwera kudzamugunda mmalo moyang'ana woti amuponyere, ndipo chizolowezi chimenecho chikalowa sichituluka msanga. Lero Carr amatchulidwa pa mndandanda wa olephera. Analephera ndani pamenepo, iyeyo kapena amene anamuika pamoto wopanda chotchinga?

Fananitsani ndi Mahomes, anafikira ku timu yomwe imawina kale, kochi Andy Reid, pafupifupi chaka chathunthu ali pa benchi akuonera Alex Smith, mmene amalowa mu 2018 nkuti zonse zili mmalo, ma touchdown 50, MVP. Aaron Rodgers zaka zitatu kumbuyo kwa Brett Favre ku Green Bay Packers. Sindikuti akanakhala anthu wamba kwina, luso anali nalo, koma palibe angandiuze motsimikiza kuti Mahomes akanafikira ku timu ngati ya Carr tikanamudziwa mmene tikumudziwira lero.

Umboni womwe umanditsimikizira kwambiri ndi wa anthu omwe anatayidwa kenako nkudzuka kwina. Baker Mayfield, Heisman ya 2017, nambala 1 mu 2018, ku Cleveland anadutsa mmanja mwa makochi akulu anayi m'zaka zitatu zoyamba, anamutaya, anazungulira Carolina ndi Los Angeles Rams anthu akuti zake zada, wafika ku Tampa Bay Buccaneers mu 2023, mu 2024 waponya ma touchdown 41. Sam Darnold, nambala 3 chaka chomwecho, ku Jets amasekedwa ndi dziko lonse, mu 2024 ku Minnesota Vikings wawina magemu 14 mwa 17. Mkono ndi womwewo, mutu womwewo, za ku koleji sizinasinthe chifukwa zinalembedwa kale, chasintha ndi anthu omuzungulira. Jalen Hurts anatulutsidwa pa hafu taimu mu fainolo ya makoleji mu Januwale 2018 kuti alowe Tua Tagovailoa, dziko lonse likuonera, anatengedwa mu raundi yachiwiri mu 2020, ndipo mu Febuluwale 2025 ndi iyeyo amene anagonjetsa Mahomes 40 kwa 22 nkukhala MVP wa Super Bowl ndi Philadelphia Eagles, timu yomwe inali ndi alonda oopsa mu ligi yonse.

Ndipo kuphonya kumeneku kumadula. Oakland Raiders inatenga JaMarcus Russell wa ku LSU pa nambala 1 mu 2007 nkumupatsa kontirakiti yomwe madola oposa 30 miliyoni anali otsimikizika asanaponye olo mpira umodzi, patatha masizoni atatu anamuchotsa atawina magemu 7 okha. Sam Bradford mu 2010 ake otsimikizika anali 50 miliyoni. Eni matimu anatopa nazo, mu 2011 anaika malire pa malipiro a osewera atsopano, zomwe mwa njira ina nkuvomera kuti iwonso sadziwa chomwe akugula. Ngati anthu okhala ndi makanema a gemu iliyonse, madokotala, ma kompyuta ndi mamiliyoni amaphonya chonchi, achimwene anga a kabaza aja amene amafuna kubetcha ndalama ya tsiku lonse chifukwa choti mwana anatenga Heisman ndimawauza kuti bola mukagule matemba ana adye.

Sindinalembe zonsezi kuti tingodziwa za ku America. Kuno kwathu matimu a mu Super League akamva kuti ku ligi ya m'chigawo kuli mwana wamwetsa zigoli zambiri amathamangira kukamusayinitsa, osafunsa kuti amamwetsa matimu otani, amamupatsira ndani, amasewera pa bwalo lotani. Akafika mtauni, magemu awiri atatu osagoletsa, masapota ayamba kumukuwiza, kochi yemwe anamufuna uja wachotsedwa, wobwerayo ali ndi anthu ake, sizoni ikamatha mwana uja tikumuona wabwerera kuno akupalasa kabaza pa Boma ndipo tonse tikugwirizana kuti analibe mpira. Pomwe mnzake yemwe amavutika mu timu yakumchira ya ku Monkey Bay kapena ku Namwera, zigoli zochepa koma chilichonse chochita kukumba yekha, palibe anapita kukamuona.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi loti draft ikamadzachitika mu Epulo mutilembereko kena kake pa tsamba la masewero, olo kandime kamodzi, ndipo atolankhani anu asangotiuza kuti wotengedwa pa nambala 1 ali ndi zikho zingati, atiuzenso kuti timu yamutengayo inalola quarterback wake kugwetsedwa kangati sizoni yatha ndipo kochi wake wakhalapo zaka zingati. Ambirife magemu timangokwanitsa a Lamulungu madzulo aja oyamba cha m'ma 7 kapena 8 koloko, Super Bowl imayamba cha m'ma 1:30 usiku mawa lake kuli ntchito, nde zambiri timadalira kuwerenga.

Wowerenga wanu,
Mangochi Boma